Zala Ziwiri

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu. Mudabwa kuti masiku ano a foni munthu n'kukhala pansi kulemba papepala, koma ndikukudziwani. Ndikanaimba, mukanayamba nthabwala zanu zija ndisanafike n'pakati pomwe, ine n'kumaseka nawo mpaka kudula foni osanena chimene ndinaimbira. Papepala pano simungandidule mawu. Ngati pali amene wakutumizirani kale kanema wa zimene zinachitika kubwalo la ndege Loweruka lapitali, chonde musafulumire kuweruza Bambo. Werengani kaye mpaka kumapeto, ndipo mundilole ndiyambire poyambira.

Mukukumbuka ndinakuuzani zaka ziwiri zapitazo kuti komiti ya mzinda inawapatsa ntchito Bambo. Chaka chino pakwana zaka zana chiterereni ndege yoyamba pabwalo lathu lija, ndege ya mapiko osanjikizana, awiri pamwamba awiri pansi, imene inabwera ndi matumba a makalata ndi dokotala mmodzi. Yeniyeniyo inatha kalekale. Chinatsala ndi chithunzi chimodzi chofiirira ndi ukalamba, ndi mapulani amene anachita kuitanitsa kunja. Komitiyo inkafuna ina yofanana nayo ndendende, yoti akaipachike kudenga la nyumba yosungiramo zinthu zakale, ana asukulu azikaiona atakweza makosi. Nanga akanapatsanso ndani, ngati si munthu amene anakonza ndege zaka makumi anayi ndi chimodzi popanda ina yomugwera? Ine ndinasangalala, chifukwa chimwalirireni Mayi, Bambo ankangozungulira m'nyumba n'kumamasula zitseko zabwinobwino kuti apeze chomangitsa.

Anawapatsa shedi yakale ija ya kumapeto kwa bwalo, ya malata adzimbiri. Chaka choyamba chonse inali ntchito ya matabwa ndi mawaya. Ndikapita kukawasiyira chakudya ndinkawapeza akupala nthiti za mapiko, timatabwa topyapyala topindika, kalikonse n'kukaika pasikelo asanakamange. Tsiku lina ndinawafunsa kuti chinthu chongopachika kudenga akuchiyezeranji kulemera. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutenga kathabwa kena. Pamenepo ndinayenera kudziwa, koma tsoka silinunkha.

Mafupa a ndege atatha, inafika nthawi yowaveka nsalu. Bambo anabwera okha kushopu kwanga, n'kukhala pa sofa ya kasitomala imene ndinali ndisanaimalize, n'kunena kuti, "Ndikufuna manja ako." Achimwene, inu mukudziwa kuti munthu ameneyu sanapemphepo kanthu kwa aliyense, ngakhale mchere. Mukukumbuka kabati ya zovala ija munakhoma inu, Bambo n'kukuphwasulitsani yonse chifukwa cha misomali yokhota ya kumbuyo? Inu munati kumbuyo kwa kabati kumayang'ana khoma, iwo n'kukuyankhani kuti ntchito siyamba yafunsa amene adzaione. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndikuseka. Kuyambira tsiku limenelo Bambo ankauza alendo kuti manja awo anapita kwa mwana wamkazi, ndipo ndisaname, mawu amenewo ndakhala ndikuwavala ngati ndolo zaka zonsezi.

Ndikufotokozereni mmene nsalu imamangidwira paphiko, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Timakunga nsalu ya bafuta, kenako n'kuisokerera kunthiti iliyonse. Singano yake ndi yaitali kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala, ulusi wake wopaka phula. Phiko timaliimika cham'mbali. Singano imalowa mbali ino, n'kutulukira mbali inayo, n'kubwerera itazungulira nthiti, ndiye n'kumanga mfundo. Ndi ntchito ya anthu awiri, wina uku wina uko, kupatsirana singano osaonana nkhope. Lamulo la Bambo ndi lomwe lija linawapatsa dzina kubwalo: pakati pa mfundo ndi inzake pazilowa zala ziwiri basi. Mpaka lero ogwira ntchito kumeneko amawatchula kuti a Zala Ziwiri, ena osadziwa n'komwe dzina lawo lenileni. Amati mfundo zikatalikirana, mphepo imakoka nsalu n'kuifufumitsa, mfundo imodzi ikaduka zinzake zimatsatira, ndipo phiko limavula nsalu lili m'mwamba. Anayamba kundiuza za ndege ina imene anaiona itatero ali achinyamata, koma nkhaniyo sanaimalize, anangopempha singano. Tikatha kusoka timamata timizere ta nsalu pamwamba pa mfundo, n'kupaka mankhwala olimbitsa kasanu ndi kamodzi, mpaka ukagogoda pazilira ngati ng'oma. Zikatero diso silionanso mfundo.

Mapiko atatu tinasoka limodzi, ndipo miyezi imeneyo ndi imene ndakhala bwino kwambiri ndi Bambo chikulireni. Kuseri kwa phiko ankamasuka. Ankang'ung'udza nyimbo za Mayi, kundifunsa za ana, tsiku lina mpaka kufunsa ngati inu kozizirako muli ndi jekete yokwanira. Singano ikachedwa kutuluka ankagogoda nthiti n'kufunsa ngati telala wagona. Linatsala phiko limodzi, lakumanzere lapansi, pamene dokotala anawaitana kuti akachotse ng'ala m'maso onse awiri. Anawaletsa fumbi ndi fungo la mankhwala milungu inayi yathunthu. Tsiku lovundukula ndege linali litasindikizidwa kale pamakadi.

A Tcheya a komiti, munthu wa suti ngakhale kutenthe bwanji, anayamba kubwera kushedi tsiku ndi tsiku, kuima pakhomo atatseka mphuno ndi kampango. Ine ndinkasoka ndekha: kulowetsa singano, kuzungulira phiko, kuikoka, kuilowetsanso, kuzungulira kubwerera, kumanga. Ndinayambira kunsonga, ndipo nthiti zitatu zoyamba ndinazichita bwinobwino. Zala zinang'ambika ndi ulusi, miyendo inatupa ndi kuzungulira, uku kushopu makatani a hotela ina akundidikira. Tsiku lina a Tcheya anandiwerengera masiku otsala, n'kunena kuti, "Mayi, ichi n'cha kudenga. Ndani adzakwere makwerero kukawerenga mfundo zanu?"

Sindikuti anandilakwitsa ndi iwo ayi. Mawu awowo anapeza anzawo atakhala kale mumtima mwanga. Ife osoka mipando timadziwa kuti kumbuyo kwa sofa, kumene kumatsamira khoma, sutayirako ulusi, ndipo palibe kasitomala anabwezapo mpando chifukwa cha kumbuyo. Ndinayamba zala zitatu. Mawa lake zinayi. Pofika kutsinde, kufupi ndi thupi la ndege kumene mphepo ya pulopela, chozungulira cha kutsogolo kwa injini chija, imamenya kwambiri, chikhatho chonse chinkalowa pakati pa mfundo. Ndinamata timizere, ndinapaka kasanu ndi kamodzi, ndipo mwa mapiko onse anayi limeneli ndilo linatuluka lokongola kwambiri.

Bambo anabwerako atavala magalasi akuda. Analizungulira phikolo, n'kuyendetsa dzanja pamwamba pake pang'onopang'ono kuchokera kunsonga mpaka kutsinde, monga amachitira nthawi zonse. Analigogoda. Ine ndinali nditagwira tsache, ndikusesa malo osesa kale. Anangoti, "Lauma bwino," n'kupita kukayang'ana mawaya a kumchira. Ndinapuma, ndikuti zadutsa.

Patangotha sabata, lole inatsitsa chibokosi pakhomo la shedi. Pamapulani a komiti panali injini yabodza, yamatabwa, yopaka utoto wakuda. M'bokosimo munali yeniyeni, ikununkha oyilo. Zinapezeka kuti Bambo ndi a Kaputeni, mnzawo uja woyendetsa ndege wopuma ntchito, wa mimba ndi nthabwala, akhala akuikonza kugalaja kwa a Kaputeni chaka chonse osauza munthu. Nditafunsa chifukwa chake, Bambo anati iwo sanaphunzire kupanga zidole, ndipo ndege yosauluka ndi khola la nkhuku lokhala ndi mapiko. A Kaputeni anaseka mpaka kugwira khoma. Ine ndinatuluka panja, ndikunamizira fungo la oyilo.

Zinthu sizinafike tsiku limodzi, achimwene, zinkabwera pang'onopang'ono ngati madzi olowera pansi pa chitseko. Poyamba anati adzangoiliza injini kuti anthu amve mmene inkalirira yakale ija. Ndinadziuza kuti kulira sikung'amba nsalu. Kenako anati idzayende pansi kuchoka kushedi kufika pamaso pa alendo. Ndinati pansi ngakhale ngolo imayenda. Kenako kunabwera a Insipekita, a ku ofesi yoona za ndege, n'kuizungulira tsiku lonse, kukoka mawaya, kuunika m'injini, kukwawa pansi pake. Atafika pamapiko anagogoda kawiri n'kuseka, akuti nsalu yodutsa m'manja mwa a Zala Ziwiri iwo akaikayikire ngati ndani, poti anawaphunzitsa ntchito ndi omwewo. Analola kuti idzuke pang'ono, msinkhu wa nyumba yosanja, ilunjike ndi msewu wa ndege n'kuteranso. A Tcheya omwe aja a kudenga ndiwo anayamba kuomba m'manja.

Lamulo lawo lina lija mukulidziwa: amene wasaina kuti ndege ili bwino amakwera nawo ulendo woyamba. Zaka makumi anayi ndi chimodzi sanaliphwanyepo. Ndegeyi ili ndi mipando iwiri.

Musaganize kuti mpata wonena unasowa. Tsiku lomangirira phikolo kuthupi la ndege, Bambo anaima atagwira sipanala n'kundifunsa ngati pali chimene ndatsala nacho asanalimange. Ndinati palibe. Anandipempha kuti ndisoke malamba a m'mipando, ndipo ndinawasoka katatukatatu, ngati kuti lamba angagwire phiko. Lamulungu lotsatira nditapita kukawaona, anandiitanira kuchipinda, n'kutsegula dirowa ya Mayi ija, n'kundionetsa pamene pali mapepala a nyumba. Kenako anandipatsa makiyi, a nyumba ndi a bokosi lawo la zida, lija sitinkaloledwa ngakhale kulikhalira. Anati munthu wokwera m'mwamba asamasiye anthu akufufuzafufuza. Pakamwa panga panatseguka ndithu, koma chimene chinatuluka n'chakuti tiyi wawo wazizira.

Ndinagwira njakata mpaka kuonda. Alamu anu anandifunsa ngati ndili ndi pakati, ndinawakalipira zosayenera. Ndinkawerengera mumtima kuti mfundo zilipo ndithu, zangochepa. Kuti ulendo wake ndi wa mphindi imodzi. Kuti mwina Bambo amangowonjeza, monga ndinkaganizira kuti anawonjeza pa kabati yanu. Ndinapempherera mvula, kumwamba kuli mbee. Ndinafunsa a Kaputeni mozungulira ngati nsalu ingang'ambike paulendo waufupi chonchi. Anadzisisita pamimba n'kunena kuti chimene chingaduke ndi lamba, koma za nsalu akugona tulo, poti yasokedwa ndi mwana wa bambo ake. Ndinaseka nawo. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa, kuiwala kuti zengerezu analinda kwawukwawu.

Ndadzifunsa kuti chinkandimanga lilime n'chiyani. Sanali a Tcheya, sanalinso manyazi a anthu. Ndinkaopa nkhope ija anakuyang'anani nayo tsiku la kabati, imene ine ndinali ndisanayang'anidwepo nayo chibadwire. Ndikulemba izi ndikuona ndekha kuchepa kwake, koma nthawi imeneyo zinkandilemera kuposa ndege.

Lachisanu masana Bambo anatsegula buku la ndege pamwamba pa mgolo, n'kumasaina mzere ndi mzere: matabwa, mawaya, injini, matayala. Atafika pamzere wa nsalu ndi mfundo anatembenuza bukulo n'kundipatsa cholembera. Ndinachilandira. Anadikira, ine maso ali pamzerewo, malata a denga akuthetheka ndi dzuwa. Kenako anachotsa cholemberacho m'zala zanga n'kunena kuti, "Leka. Dzina limene akulidziwa ndi langa." Anasaina okha.

Loweruka kunacha bwino, koma ndi kamphepo kouma kamene kankangokupiza mbendera za kubwalo. Anthu anadzaza mpaka kumpanda, bandi ya malipenga ili pakati, alendo olemekezeka ali pansi pa tenti. Ndege inali itafunda chinsalu chabuluu chimene ndinasokanso ndine, ndipo mipendero yake ndinaipinda mwaluso kwambiri, poti inali poonekera. Zolankhula zinatenga maola awiri. Atakoka chingwe, chinsalucho chinatsetsereka n'kukodwa kunsonga ya phiko lakumanzere, mpaka munthu anachita kukachiwonjola. Kenako inaonekera yonse, yasiliva, ikuwala, yofanana ndi ya pachithunzi chija mpaka nambala ya kumchira. Anthu anaimirira okha. Ndinaona amuna akuluakulu akupukuta m'maso. Inali yokongola, achimwene, ndipo ine ndinkalephera kuiyang'ana.

Bambo anavala ovolosi yawo yakale, yochapa ndi yosita. Asanakwere anabwera pachingwe chotchingira anthu pamene ndinaima, n'kuvula chipewa n'kundipatsa. "Undigwirire ichi," anatero, "mphepo ingachitenge." Anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa imene munthu amafuna popereka chipewa, maso awo atsopano aja ali pa ine. Ndinati, "Muyende bwino, Bambo."

Anakwera mpando wakutsogolo, a Kaputeni wakumbuyo. Ndege yotereyi amailiza pozunguza pulopela ndi manja, matayala atawatsekera ndi zipika. Injini italira, fumbi linabuka, mapepala a zolankhula anauluka, ndipo ine ndinakuwa kuti aimitse. Ndinakuwa ndithu, koma ngakhale mayi amene anali pambali panga sanatembenuke. A Kaputeni anawonjezera moto. Pamenepo ndinachiona ndi maso anga: nsalu ya phiko lakumanzere inkakwera n'kutsika pakati pa mfundo, ngati chifuwa cha munthu wodwala. Pagulu lonselo panalibe wina wodziwa poyang'ana. A Kaputeni anakweza dzanja kuti anthu achotse zipika.

Dzanja la Bambo linakwera nalonso, koma likupereka chizindikiro chozimitsa. Injini inatsokomola n'kuzima. Bambo anatsika pang'onopang'ono, mwendo umodzi kenako unzake, n'kupita paphiko lija. Anatulutsa kampeni kawo ka m'thumba, n'kulasa nsalu kutsogolo, n'kukoka mpaka kumbuyo. Kung'ambika kwake kunamveka mpaka kumpanda. A Tcheya anathamangira komweko maikolofoni ili m'manja, ndiye zimene Bambo anawauza zinamveka pazokuzira mawu zonse.

"Ndege iyi siuluka lero. Mfundo za phiko ili n'zotalikirana. Ndinasaina ndisanaziwerenge. Wolakwa ndine."

A Insipekita anabwera n'kulowetsa dzanja pong'ambikapo, chikhatho chonse n'kukwana pakati pa mfundo. Bambo anatulutsa chiphaso chawo cha ntchito m'thumba la ovolosi n'kuwapatsa pamodzi ndi buku, asanapemphedwe n'komwe. A Kaputeni anayezanso ndi zala zawo zonenepa, n'kuyang'ana Bambo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni analibe nthabwala. Kumbuyo kwanga ndinamva anthu akuti mdala watha, maso aja anawang'amba pachabe, akanapha mnzake wosalakwa. Wina anati kuyambira lero aziwatchula a Zala Zisanu, anthu n'kuseka. Ine ndinali chiimire, chipewa chili m'manja. Akuluakulu ananena zoona kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma sananene kuti mwanayo amaima pomwepo n'kumaonerera.

Anthu atabalalika, ndege itakankhidwira m'shedi, tinatsala awiri. Bambo anali atawerama, akupukuta oyilo amene anadontha pansi pa injini. Ndinawauza kuti mfundo zija ndinamanga ndine, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita.

"Ndikudziwa," anatero osatembenuka. "Ndinaziwerenga tsiku lomwe ndinabwerera kushedi kuno. Odwala anali maso, osati zala."

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene milungu yonseyi, tikanalisokanso nthawi ikadalipo.

"Phiko ndikanatha kulisoka ndekha. Ndimadikira iwe. Ndinakudikira mpaka injini inalira."

Ndinati ndinakuwa, injini ndiyo inameza mawu anga. Anapinda kansalu kopukutira, n'kutenga chipewa chawo m'manja mwanga, n'kutuluka.

Apa ndi pamene pali chifukwa cholembera papepala. Ndalemba pamwambapa kuti ndinakuwa, ndipo si bodza, koma ndadumpha pena. Injini ija sinalire ulendo woyamba. Inakana katatu. Ikakana, bwalo linkakhala chete moti munthu akatsokomola kutenti ankamveka, ndipo Bambo anali atakhala pamwambapo, mutu wosavala, atatembenukira kumene ndinali. Ndikanangoti "Bambo" ndi mawu wamba, akanamva. Ndinadikira, achimwene. Ndinakuwa pamene ndinadziwa kuti palibe angandimve, kuti ndidzathe kudziuza kuti ndinayesa. Izi alamu anu sindinawauze, ndipo sindikudziwa ngati ndidzawauze. Koma Bambo ankandiyang'ana nthawi yonseyo, ndiye palibe chimene ndingawabisire.

Pena mtima umandipsa nawo. Ndi kholo lanji loyesa mwana mpaka pamenepo, anthu onse akuona? Bwanji sanandiphwasulitse phikolo tsiku lomwelo, monga anachitira ndi inu? Inu anakukalipirani, munapsa mtima, munachoka, koma lero mukuyenda mutu uli chilili. Ine anandifunditsa dzina lawo, ndipo likundiotcha. Zaka zonsezi ndinkati gawo labwino linagwera ine. Mundikhululukire kuseka kuja kuseri kwa chitseko.

Lamulungu ndinapita kwa a Kaputeni kukaulula. Anati anadziwa pomwe anaika zala, chifukwa bambo anga ngakhale atagona tulo sangamange zoterezo. Nditanena kuti ndipita kwa a Insipekita kukayeretsa dzina la Bambo, anandiletsa. Akuti ndikanena zonse, zidziwika kuti Bambo anasaina akudziwa, ndipo pantchito yawoyi kusaina ukudziwa n'koipa kuposa kusaina usanawerenge. Ndiye ngakhale choonadi changa sichingawathandizenso. Sanandikalipire. Anangoti potuluka nditseke geti.

Lolemba m'mawa ndinapeza pakhomo la shopu singano yaitali ija ndi mpukutu wa ulusi, zitakulungidwa m'nyuzipepala, popanda kakalata. Shopu ndatseka, makatani a hotela adikire. Phiko ndalisenda lonse, ndakunga nsalu ina, ndipo ndikusoka zala ziwiri, ndikuyeza mfundo iliyonse. Palibe wanena kuti ndegeyi idzaloledwanso kudzuka, komiti ikuti ikapachikidwe kudenga basi. Ndikusoka ndekha, kuzungulira uku ndi uko. Bambo amabwera m'mawa, amakhala pachibokosi cha injini pakhomo, chipewa chili pamaondo. Sadutsa kukaima kuseri kwa phiko, sagogoda nthiti. Chakudya chimene ndimawatengera chimabwerera mmene chinapitira. Dzulo ndinawaona akuyang'ana zala zawo nthawi yaitali.

Chimene chikundiopsa kuposa za Loweruka ndi makiyi aja. Ulendo umene anandipatsira unatha, koma sanawaitanitse. Dzulo ndinawaika pabokosi pafupi ndi bondo lawo, a nyumba ndi a zida. Pochoka anawasiya pomwepo.

Mankhwala a m'maso munatumiza aja anafika, zikomo kwambiri, ndipo nsapato za mwana wathu wamng'ono zamukwana bwino, akuvala ngakhale pogona masana. Sindikupempha kanthu kena kotumiza. Ngati kuntchito angakupatseni tchuthi, ngakhale cha sabata imodzi, bwerani. Musadikire mwezi wa mawa, kudikira ndakuyesa kale ine. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, ndipo kuseri kwa phiko kulibe munthu. Mwina akadzaona inu mutaima kumeneko adzadzuka kudzakuuzani kuti mwagwira singano molakwika, ndipo ine sindidzasekanso.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse. Alamu anu ndi ana kuno akupereka moni. Moni wa Bambo sindingakulembereni, chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba, ndipo chichokereni m'shedi Loweruka sanandiuzepo liwu lina. Ndikanatha kungowalembera, monga ndimachitira m'mauthenga onse a pafoni, koma sabata ino ndasiya kumata pamwamba.

Ndine mlongo wanu,
uja ankati ali ndi manja a Bambo.